Akulu athu a ku Pakistan



Lero tiganizire za mpingo wa ku Pakistan. Kumeneko, mwa anthu 100 alionse, Akhristu safika awiri. Otsalawo pafupifupi onse ndi Asilamu. Komatu si mpingo wobadwa dzulo ai. Amishoni a Chipresibiteriyani anafika ku Sialkot m'chaka cha 1855, zaka 20 mishoni ya Livingstonia isanakhazikike pa Cape Maclear. Pa chikhulupiriro, amenewa ndi akulu athu.

Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a fuko lonyozedwa, ndipo kufikira lero ntchito yosesa misewu ndi kulowa m'ngalande za zonyansa m'mizinda imagwera iwo. Koma chowawa koposa ndi lamulo lokhudza mwano pa chipembedzo. Gawo 295-C limapereka chilango cha imfa kwa wonyoza Mneneri Muhammad, ndipo mlandu wotere suvuta kumunamizira mnzako. Mayi Asia Bibi, waganyu wothyola zipatso, anakangana ndi anzake pa za chikho cha madzi akumwa. Mu 2010 anagamulidwa kuti aphedwe, nakhala m'ndende kufikira khoti lalikulu litawamasula mu 2018. Pa 16 Ogasiti 2023, ku Jaranwala, khamu la anthu linatentha matchalitchi oposa 20 litangomva mphekesera yakuti Korani yanyozedwa. Werengani nokha Ahebri 13:3, muone ngati tili ndi ufulu wokhala chete.

Tsono pano ndiye pali nkhani yanga. Makanema a zoterezi akamayenda pa WhatsApp, ena a ife timathamangira kutemberera Msilamu aliyense, ngakhale wogulitsa usipa amene timamwa naye chitsime chimodzi. Kodi mukumudziwa Salman Taseer? Anali bwanamkubwa wa Punjab, Msilamu. Anakaona Asia Bibi m'ndende, nadzudzula lamulolo poyera, ndipo pa 4 Januwale 2011 msilikali womulondera yemwe anamuwombera. Patapita miyezi iwiri Shahbaz Bhatti, nduna ya Chikhristu, anaphedwanso pa chifukwa chomwecho. Mwazi wa Msilamu ndiwo unayamba kukhetsedwa poteteza mayi wa Chikhristu. Ndiponso ambiri oimbidwa mlandu ndi lamulo limeneli ndi Asilamu omwe.

Kwathu kuno zinthu zinatembenuka: ochuluka ndife. Kalembera wa 2018 anapeza Asilamu pafupifupi 14 mwa 100 alionse. Pamene mkangano wa hijabu unabuka m'masukulu a mipingo, mawu ena amene anatuluka m'kamwa mwa Akhristu (ena ovala yunifolomu ya chigwirizano, ndikunena mwachisoni) sanali osiyana kwenikweni ndi amene abale athu amamva ku Lahore.

Ndikupempha otsogolera mapemphero Lamulungu likubwerali kuti popembedzera atchule mipingo ya ku Jaranwala. Atchulenso banja la Taseer.