MASAMU A CHISANKHO: OCHEPA AKUTISANKHIRA PHUNGU

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri,

Ambiri mwa ife tinali m'misewu mu 2019 kukana chisankho cha Tipeksi. Pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatirazo, ndipo kuyambira pamenepo wofuna upulezidenti ayenera kupeza 50+1. Zinali bwino. Koma lamuloli silinafike kwa aphungu ndi makhansala. Kumeneko wopambana ndi amene waposa anzake basi, ngakhale ndi voti imodzi.

Tiyerekeze kuti m'dera mwanu mwavota anthu 20,000 ndipo opikisana alipo 10. Wina apeza 4,000, enawo agawana 16,000 otsalawo. Wa 4,000 uja ndiye akupita ku Nyumba ya Malamulo, pomwe anthu anayi mwa asanu aliwonse sanamufune. Mabwana masamu amenewa amawadziwa bwino. Sakufuna tonsefe ayi, akungofuna kagulu kokwanira. N'chifukwa chake nthawi ya kampeni kumagwa zitenje, matisheti ndi tindalama ta kachasu, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama pofuna mavoti.

Mpikisano umayamba ife tisanadzuke n'komwe. Ku chisankho cha chipulula, amene amasankha woimira chipani ndi nthumwi za m'makomiti, anthu ochepa osavuta kuwagula. Wogwa kumeneko kawirikawiri amaima payekha, mavoti n'kugawikananso. Kenako ndalama yolipira ku MEC: mu 2025 inali K2.5 miliyoni kwa bambo wofuna uphungu, theka lake kwa wachinyamata. Ine amene ndikulemba ndili ndi zaka 24 ndi digiri yongokhala mu envulopu. Ndalama imeneyo ndiitenga kuti, eti?

Akalowa, walowa. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito, aphungu omwewo analichotsa mu 1995. Tsopano timadikira zaka zisanu, ngalande zili zotsekeka, mipopi ili youma.

Ndiye titani?

1. Lowani m'makomiti a m'madera mwanu, chipani chilichonse chimene mumakonda. Woimira chipani amasankhidwa kumeneko.
2. M'wodi iliyonse tigwirizane pa wachinyamata mmodzi. Tikaima asanu, tadzigwetsa tokha.
3. Tiyambe kusonkherana pang'onopang'ono kuti wathuyo adzakwanitse kulipira.
4. Wogawa ndalama mujambuleni, umboniwo upite kwa mlembi wa zipani za ndale.
5. Aliyense wopempha voti yanu mumufunse pagulu: mudzabwezeretsa Gawo 64, inde kapena ayi?

2030 si kutali, aise. Iwowo anayamba kale kuwerengera. Nafenso tiwerenge, mwamtendere, popanda kugenda kapena kuotcha matayala.

Tumizani uthengawu ku magulu anu onse.