Kumbuyo kwa Wolemba Wotchuka Kunali Mayi ndi Wansembe

Sabata ino tilingalire za J.R.R. Tolkien, Mngelezi amene analemba buku la ana lotchedwa The Hobbit, lomwe linatuluka m'chaka cha 1937. Dziko limamutama chifukwa cha luntha lake. Ine ndikuti ulemu umenewu uyenera kugwanso pa anthu awiri amene sanakhale ndi moyo kufikira tsiku loona bukulo: mayi ake ndi wansembe amene anamulera.

Tolkien anabadwa mu 1892 ku Bloemfontein, m'dziko la South Africa. Bambo ake anamwalira mu 1896, ndipo mayi ake, a Mabel, anatsala ndi ana aamuna awiri ku England. M'chaka cha 1900 mayiwa analowa Mpingo wa Katolika. Abale awo anaipidwa nazo, mpaka thandizo la ndalama limene ankalandira linaima. Iwo sanabwerere m'mbuyo. Mu umphawi womwewo anaphunzitsa mwana wawo Chilatini ndi kujambula, namubzala m'chikhulupiriro. Anamwalira mu 1904 ndi matenda a shuga ali ndi zaka 34, mwanayo ali ndi zaka 12. Atakula, Tolkien ankawaona mayi akewo ngati munthu wofera chikhulupiriro.

Asanamwalire, a Mabel anasiya ana awo m'manja mwa Bambo Francis Morgan, wansembe wa ku Birmingham. Wansembeyu sanangowapempherera ayi. Anawapezera pokhala, anatapa m'thumba mwake kuti aphunzire, ndipo anyamatawo ankatumikira pa Misa yake m'mamawa asanapite kusukulu.

Chikondi chimenechi chinalinso ndi minga. Tolkien atagwa m'chikondi ndi mtsikana wina wamasiye, Edith Bratt, maphunziro ake anayamba kulowa pansi. Bambo Morgan anamuletsa kuonana naye ngakhale kumulembera kalata kufikira atakwanitsa zaka 21. Ena anganene kuti kumeneku kunali kuuma mtima, ndipo n'zoona kuti mnyamatayo anavutika nazo kwa zaka pafupifupi zitatu. Komabe anamvera, pokumbukira kuti womuletsayo ndi yemwe anamutola aliyense atamutaya. Tsiku lokwanitsa zakazo mu 1913 analemba kalata, ndipo mu 1916 awiriwo anadalitsa ukwati wawo. Mwana wawo woyamba anamutcha John Francis, ndipo iyeyu anadzozedwa unsembe mu 1946.

Bambo Morgan anamwalira mu 1935, kutatsala zaka ziwiri kuti The Hobbit ituluke. Nthano imeneyi, yomwe Tolkien anayamba kuisimbira ana ake kunyumba, ikunena za munthu wamng'ono, wamantha, wosawerengedwa, amene aitanidwa ku ulendo woposa msinkhu wake. Sindidabwa kuti nthano yotere inachokera kwa mwana wamasiye. Munthu yemweyu anathandiza bwenzi lake C.S. Lewis kubwerera kwa Khristu mu 1931. Taonani kutalika kwa mthunzi wa mtengo umene anabzala mayi wosauka ndi wansembe wa paparishi!

Tsono funso likubwera kwa ife. Kalata ya Yakobo Woyera, mutu 1 ndime 27, imayeza chipembedzo chathu ndi momwe timasamalira ana amasiye ndi amayi amasiye. M'mphakati mwanu muli mwana amene wasiya sukulu chifukwa chosowa yunifolomu kapena makope. Mukumudziwa dzina. Ife achinyamata timakonda kunena kuti tilibe ndalama, koma ola limodzi lomuthandiza kuwerenga tili nalo. Mwina sadzakhala wotchuka, ndipo zimenezo zilibe kanthu. Bambo Morgan sanalere wolemba mabuku. Analera mwana amene Mulungu anamuika pakhomo pawo.

Sabata ino, musanapite ku Misa ya Lamulungu, kamuchezereni mwanayo. Amayi Maria, Mayi wa ana amasiye, atipempherere.