ZA KUMUNDA KWATHU: Mbeu ya Soya ndi Moto Wosatentha

Mlimi aliyense wa soya adziwa cisoni ca kuyendera munda patapita masiku khumi cibzalire, n'kupeza mizere ili ndi mipata ngati mano a nkhalamba. Ndalama zapita, mvula yoyamba yapita, ndipo kubwereza kubzala mu Januwale ndiko kucepetsa zokolola. Soya ndi mbeu yamtengo wapatali. Pa magawo 100 a njere yake, pafupifupi 40 ndi cakudya comanga thupi, ndipo pafupifupi 20 ndi mafuta. Koma mafuta omwewo ndiwo amacititsa kuti njereyo ikalambe msanga ikasungidwa pa malo otentha ndi a cinyezi. Cimanga cimapirira m'nkhokwe, soya sapirira. Khungu lake ndi lopyapyala, moti thumba likangoponyedwa pansi kucokera pa ngolo, njere zambiri zimavulala mkati ngakhale kunja zioneke zabwino.

Cifukwa ca ici, akatswiri a maiko ambiri akufunafuna njira zothandizira mbeu ya soya kumera msanga ndi mwamphamvu. Imodzi mwa njirazo, imene yayamba kuchulidwa kawirikawiri, ndiyo kupitiriza mbeu mu plazima wozizira isanabzalidwe. Mwezi uno tiyeni tione kuti cimeneci n'ciani, cimacita ciani, ndiponso cimene sicingathe kucita, kuti mau acilendo angatiopse kapena kutinyenga.

Kodi plazima n'ciani?

Ana athu a sukulu amaphunzira kuti cinthu cimakhala m'mikhalidwe itatu: colimba ngati mwala, camadzimadzi, ndi campweya. Ulipo mkhalidwe wacinai. Mpweya ukapatsidwa mphamvu yaikulu, ya kutentha kapena ya magetsi, tizidutswa take timataya tinthu tating'onoting'ono tochedwa maelekitironi, ndipo mpweyawo umayamba kuwala ndi kudutsitsa magetsi. Umenewo ndiye plazima. Mngelezi William Crookes anaufotokoza m'caka ca 1879, ndipo dzina lakuti plazima linaperekedwa ndi Irving Langmuir wa ku America mu 1928. Koma Mlengi anaupanga kale: dzuwa ndi nyenyezi ndi plazima, ndipo mphezi imene imang'amba thambo mu Disembala ndi plazima. Ngakhale nyale zazitali zoyera zija za m'zipatala ndi m'masitolo zimawala cifukwa ca plazima amene ali mkati mwake.

Plazima wa dzuwa ndi wa mphezi ndi wotentha koopsa. Wozizira amapangidwa ndi makina mwa njira yakuti maelekitironi okha ndiwo amakhala ndi mphamvu yaikulu, pamene mpweya wonsewo umakhala wofunda pang'ono cabe, wosakwanira kupsereza njere. Makina ofala ali ndi zitsulo ziwiri zoyang'anizana, pakati pake pali galasi kapena cinthu cina cosadutsitsa magetsi. Magetsi a mavoti zikwizikwi akalumikizidwa, mpweya wa pakati pa zitsulozo umawala mofiirira, ndipo mbeu imaikidwa m'kuwalako kwa masekondi kapena mphindi zowerengeka. Maganizo a makina otere si atsopano ai, pakuti Werner von Siemens wa ku Germany anapanga cipangizo cotere mu 1857 cakuti cizitulutsa mpweya wa ozoni.

Zimene amacita pa njere

Coyamba, plazima amakanda ndi kusintha khungu la njere pang'onong'ono, mosaoneka ndi maso. Mwaonapo momwe dontho la madzi limakhalira lobulungira pa tsamba la kabichi osalowa. Pa njere yodutsa mu plazima dontho lija limayala, ndipo njere imamwa madzi msanga. Popeza kumera kumayamba ndi kumwa madzi, mbeu yotere imatulukira msanga pa nthaka.

Caciwiri, m'kuwala muja mumapangika ozoni ndi mitundu ina yaukali ya okosijeni ndi naitrojeni, pamodzi ndi ceza conga ca dzuwa. Zimenezi zimapha cuku ndi tizilombo tina ta matenda tokhala pa khungu la njere, popanda kusiya mankhwala ofiira kapena obiriwira aja amene timapeza pa mbeu ya m'sitolo, amene ndi oopsa kwa ana ndi nkhuku.

Cacitatu, ukali wocepa umenewo umakhala ngati ukudzutsa njere, kotero kuti imafulumira kusungunula cakudya cimene inasunga kuti cidyetse muzu ndi mphukira.

Mu 2014 akatswiri a za nthaka a ku Nanjing m'dziko la China, kumene soya anacokera, anafalitsa zimene anapeza atapitiriza mbeu ya soya mu plazima wa mpweya wa heliyamu kwa masekondi 15. Anayesa mphamvu ya mawati 60, 80, 100 ndi 120, ndipo ya mawati 80 ndiyo inapambana. Njere zinamwa madzi mopitirira ndi magawo 14 pa 100, mizu inatalika mopitirira ndi magawo 21 pa 100, ndipo mbande zinali zamphamvu kuposa zosapitirizidwa. Ku Argentina, limodzi la maiko olima soya kwambiri, akatswiri a pa yunivesite ya Buenos Aires ndi anzao a ku Venado Tuerto anaonetsa mu 2018 kuti plazima amacepetsa cuku coipa cochedwa Phomopsis, cimene cimaoletsa njere za soya. Mu 2020 gulu lomwelo linalemba kuti soya wocokera ku mbeu yotere anabala bwino timibulu ta ku mizu, timene timakoka naitrojeni wa mu mpweya kudyetsa mbeu.

Zimene sangathe kucita

Apa ndi pofunika kudekha, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Taonani kuti ku Nanjing mphamvu yaikulu koposa siyo inapambana. Muyeso ndiwo mwini nkhani. Mpweya wake, mphamvu yake ndi nthawi yake zikalakwika, phindu limatha kapena mbeu imaonongeka. Kale mu 2000, akatswiri a pa yunivesite ya Wisconsin ku America anapeza kuti mipweya ina imafulumizitsa kumera pamene ina imacedwetsa. Muyeso woyenera mtundu umodzi wa soya suyenera mtundu wina. Komanso soya ndi mbeu imene imavulala ikamwa madzi mofulumira kwambiri, makamaka ngati khungu lake ndi long'aluka kale.

Plazima saukitsa njere yakufa. Mbeu imene inafera m'nyumba yotentha ya malata, kapena imene inasweka popuntha ndi ndodo, yafa basi. Plazima amagwira nchito kwambiri pa khungu, kotero matenda obisala mkati mwenimweni mwa njere sawafikira bwino. Matenda a dzimbiri pa masamba a soya amadza ndi mphepo, osati ndi mbeu, conco plazima sangawaletse. Ndipo plazima sagwetsa mvula. Tikumbuke kuti mu 2023 dziko lathu la Zambia linakolola soya woposa matani 700,000, koma cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko pa 29 Febuluwale caka cimeneco, cinagwetsa zokolola kufika pansi pa matani 200,000. Palibe makina a mbeu amene akanaletsa zimenezo.

Tiyeneranso kudziwa kuti zambiri za zotsatira zabwinozi zinapezeka m'nyumba zoyesera ndi m'miphika, pa njere zocepa. Kupitiriza njere zodzaza dzanja ndi nkhani ina. Kupitiriza matumba okwanira hekitala imodzi, amene ndi makilogalamu pafupifupi 80, mwakuti njere iliyonse ilandire muyeso wofanana mbali zonse, ndi nkhani inanso. Makinawo afuna magetsi osadukaduka, pamene ife tidziwa momwe magetsi anasowera maola ambiri pa tsiku mu 2024 madzi atacepa ku Kariba. Mavoti ake ndi akupha, ndipo ozoni amaononga mapapo. Mnyamata wodziwa kukonza mawailesi asayese kupanga makina otere kuseri kwa nyumba.

Kodi Mkristu aope?

Ena akamva za magetsi pa mbeu, amakumbukira caka ca 2002 pamene boma la malemu Levy Mwanawasa linakana cimanga cosinthidwa cibadwa. Izi n'zosiyana. Plazima saika m'njere kanthu kocokera ku comera cina kapena ku nyama, ndipo sasiya ceza coopsa m'mbeu. Ndi mphamvu yomwe ija ili mu mphezi, imene ikang'anima imalumikiza naitrojeni ndi okosijeni mu mlengalenga, mvula n'kutsitsira cakudya ca mbeu pa nthaka. Mu 1903 anthu awiri a ku Norway, Kristian Birkeland ndi Sam Eyde, anatengera nzeru imeneyi napanga feteleza ndi mphezi ya m'makina.

Eklezia sadana ndi nzeru zotere. Gregor Mendel, amene mu 1866 anafalitsa malamulo a momwe mbeu imatengera makolo ake, anali wansembe wa cipani ca Augustino Woyera, ndipo anawapeza polima nsawawa za cizungu m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno. Kuno kwathu Ajezwiti a ku Kasisi akhala akuphunzitsa alimi kuyambira 1974, ndipo amalimbikitsa ulimi wosadalira mankhwala. Ngati plazima angacepetse poizoni pa mbeu ndi m'manja mwa amai obzala, ndiye kuti ndi cinthu coyenera kuciyang'ana ndi mtima wabwino. Koma malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anaticenjeza kuti nzeru za makina ziyenera kutumikira munthu, makamaka wosauka, ndi kusamala cilengedwe. Funso lathu likhale ili: kodi phindu lidzafika kwa mai wamasiye wa hekitala imodzi ku Katete kapena ku Lundazi, kapena lidzangokweza mtengo wa thumba la mbeu?

Cenjezo lina ndi ili. Mau acilendo ndi nyambo ya akathyali. Munthu akadza pa msika ndi matumba opanda cizindikiro, nati mbeu yake ndi yodutsa mu plazima ndipo idzabala kawiri, mudzazindikira bwanji? Njere yodutsa mu plazima sisiyana maonekedwe ndi inzake. Safunsa anadya phula. Funsani cikalata ca bungwe loyesa ndi kuvomereza mbeu la SCCI la ku Chilanga, ndipo funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanatulutse ndalama.

Fodya wako ndi uyo ali pamphuno

Pamene akatswiri akupitiriza kuyesa, zilipo zinthu zimene zili kale m'manja mwathu, ndipo phindu lake ndi lodziwika.

Yesani mbeu yanu musanabzale. Tapani njere m'malo osiyanasiyana a thumba, muwerenge 100, muzibzale mu mcenga wonyowa pa mthunzi, muzithirira, ndipo muwerenge zomera patapita masiku 7 kapena 8. Zikamera 80 kapena kuposerapo, mbeu ndi yabwino. Zikacepera pang'ono, onjezerani mbeu pobzala. Zikacepa kwambiri, funani ina nthawi ikalipo. Nchito imeneyi ingacitike pa Mphakati mu Novembala, banja lililonse ndi mzere wake, kuti amene mbeu yao yafa athandizidwe ndi anzao mvula isanakhazikike.

Sungani mbeu youma bwino pa malo ozizira, pa thandala, kutali ndi khoma ndi denga la malata. Musaponye matumba. Musasunge mbeu ya soya kudutsa nyengo imodzi.

Gwiritsani nchito inokulamu, ufa wakuda uja wokhala ndi tizilombo tabwino topanga timibulu ta ku mizu, umene umapangidwa ku Mount Makulu ku Chilanga ndiponso umagulitsidwa m'masitolo a zaulimi. Sakanizani pa mthunzi ndipo mubzale tsiku lomwelo, pakuti dzuwa limapha tizilomboto. Mitundu ina, monga Magoye ndi Kafue, imatha kugwirizana ndi tizilombo topezeka kale m'nthaka yathu, koma mitundu yambiri ya m'sitolo ifuna inokulamu. Ndipo tsiku limene mbeu ya plazima idzafike kwa inu, inokulamu idzapakidwe pambuyo pake, cifukwa cimene cimapha tizilombo toipa sicingasiye tabwino.

Bzalani pa nthaka yonyowa bwino, masentimita 3 mpaka 5 kuya kwake, pakati pa Disembala mvula itakhazikika. Kenaka patapita milungu isanu kapena isanu ndi umodzi, zulani phesi limodzi mosamala, mung'ambe kambulu ndi cikhadabo. Mkati mukakhala mofiira, dziwani kuti munda wanu ukudzipangira feteleza.

Kwa akatswiri athu a ku Mount Makulu, ku Msekera ndi ku yunivesite ya Zambia, pempho lathu ndi lakuti njira ya plazima iyesedwe pa mitundu yathu, m'nthaka yathu, kwa nyengo zingapo, ndipo zotsatira zake, zabwino ndi zoipa zomwe, ziuzidwe kwa alimi m'cilankhulo cao. Zikaoneka zopindulitsa, malo ake oyenera ndi kwa okonza mbeu ndi m'makopaletivu, kumene makina amodzi angatumikire mabanja mazana.

M'fanizo la wofesa, m'mutu 4 wa Mthenga Wabwino wa Marko, mbeu inali imodzimodzi. Cimene cinasiyana ndi nthaka imene inagwerapo. Tiyamike Mulungu cifukwa ca nzeru zimene wapatsa anthu kufikira kuweta mphezi m'bokosi, koma tisaleke kusamala nthaka, kusunga bwino mbeu ndi kuthandizana. Ambuye adalitse nchito za manja anu.