Kwacha Ikagwa, Amayamba Kulira Ndani?

Mu November 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, patangotha chaka ndi theka chiitsitsireni ndi 25 peresenti mu May 2022. Mu February 2024 inakwezanso chiwongoladzanja kufika pa 26 peresenti pofuna kuti mitengo ya zinthu isakwere mothamanga. Tonse tinamva pa wailesi, koma ululu wake sunatigwire mofanana.

Kwacha ikagwa, mafuta a galimoto, feteleza ndi zipangizo zochokera kunja zimakwera mtengo. Chiwongoladzanja chikakwera, ngongole ya kubanki imawawa. Mwini fakitale kapena shopu amafuna podula, ndipo amayambira kwa amene savuta kuchotsa: waganyu wopanda kalata ya ntchito, mlonda, mnyamata amene wangolowa kumene. Munthu wolumala wofuna ntchito ndiye woyamba kuuzidwa kuti malo palibe. Mayi wa geni ya mandasi alibe bwana womuchotsa, koma fulawa ndi mafuta ophikira zikadula, mpamba umathera m'manja. Ambiri mwa anthuwa sawerengedwa n'komwe ngati osowa ntchito, chifukwa powerengera, ngakhale kaganyu ka ola limodzi pa sabata kamatengedwa ngati ntchito.

Mavutowa amathera m'mbale ndi m'thupi. Ndiwo zimachepa, ana amayamba kudya kamodzi patsiku, ndipo wodwala shuga kapena BP amasiya kugula mankhwala.

Apa tidzifunse. Ambiri a ife tili ndi mtsikana wantchito, mlonda kapena wolima kudimba. Zinthu zikathina, timachita zomwezo zimene mwini fakitale amachita. Tisanamuuze munthu kuti “mawa musabwere,” tione kaye ngati palibe pena podula. Mwina tingagwirizane naye kuti azibwera masiku ochepa. Ngati kusiyana sikungapeweke, lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limafuna kuti achenjezedwe nthawi ilipo, ndipo wogwira kupitirira chaka alandire ndalama yosiyira ntchito. Timulembere kalata ya umboni, timutchule kwa anzathu amene akufuna wantchito, ndipo malipiro ake asamachedwe chifukwa choti iye sangadandaule.

Aphungu akabwera kudzafotokoza za bajeti kapena mfundo zatsopano za chuma, tiziwafunsa funso limodzi: pa mfundoyi, ndani ataye ntchito, ndipo mwamukonzera chiyani?