ZA MAGALIMOTO: Ng'ombe isanatuluke m'khola cifukwa ca injini

Nyengo yogulitsa cimanga, nshawa ndi soya ikafika, malamya ocokera ku Lusaka amaculuka m'midzi ya ku Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi. Mwana amene sanamveke ciyambire Khirisimasi amayamba ndi kufunsa za moyo wa agogo, ndipo pambuyo pake amafika pa cimene waimbira: galimoto yadwala, ifunika injini ina, atate thandizani. Makolo ambiri amasowa coyankha pakuti za injini n'zacilendo kwa iwo, motero ena amatulutsa ng'ombe yolimira m'khola osadziwa ngati ndalamazo zidzaukitsadi galimotoyo. Sabata ino tikambirane mafunso amene kholo liyenera kufunsa lisanavomere.

Galimoto imene anyamata a ku Matero, Chawama ndi Mtendere amaikonda kwambiri ndi Toyota RunX pamodzi ndi mphwake Allex, zija zodulidwa kumbuyo zokhala ndi citseko cacisanu. Zinapangidwa ku Japan kuyambira mu 2001 kufikira mu 2006. Zambiri mwa izo zili ndi injini yaing'ono yochedwa 1NZ, ya malita 1.5, imene mphamvu yake ndi ya akavalo pafupifupi 110. Koma ilipo ina yochedwa RunX Z, imene inapangidwira liwiro. Injini yake ndi 2ZZ, ya malita 1.8, imene a Toyota anaipanga mothandizana ndi a Yamaha, ndipo ili yatsopano inali kutulutsa akavalo 190. Imeneyi ndiyo imasowetsa anyamata tulo. Amene ali nayo afuna kuibwezera unyamata wake, amene alibe afuna kuiika m'galimoto yao.

Pagalaja la pansi pa mtengo mudzapeza magulu awiri. Ena amati injini ikakalamba icotseni, muikemo ina yocokera ku Japan. Ena amati ayi, ikonzeni yomweyo ndi kuionjezera mphamvu. Ine ndili kumbali ya okonza, koma osati kukonza kumene anyamata ambiri amatanthauza.

Kwa iwo kuonjezera mphamvu ndiko kupita kwa owocherera zitsulo a ku Kalingalinga kukaika ekizozi yaikulu ngati cigubu, kucotsa bokosi la sefa ya mpweya ndi kuikapo sefa yoonekera, yofiira. Cimene cimaonjezeka pamenepo ndi phokoso, ndipo amene amacimva bwino ndi ana a anansi ogona usiku. Injini yopanda turbo imadya mpweya umene yaupeza. Mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mpweya wa pamtunda wotere ndi wopepuka, kotero kuti injini imataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake, mwinanso kuposerapo. Akavalo 190 aja anawerengedwa ku Japan, galimoto ili yatsopano. Palibe ekizozi imene ingawabweze onse.

Sefa yoonekera ija ili ndi ngozi yakenso. Ambiri amaitsitsa pafupi ndi bampa kuti izikoka mpweya wozizira. Aliyense amene anakhalapo ku Kanyama m'mwezi wa January adziwa mmene madzi amaimira m'miseu, popeza dera lija ndi lathyathyathya ndipo pansi pake pali thanthwe. Injini ikamwa madzi, pisitoni imalephera kuwapanikiza monga imacitira ndi mpweya, ndipo citsulo coigwira cimapindika nthawi yomweyo. Injini imene inali ndi cimfine cabe imafera pa cithaphwi.

Kukonza kweni-kweni kumayamba ndi kupima. Makanika wodziwa nchito yake amacotsa mapulagi onse anai, nalowetsa geji m'dzenje lililonse kuti aone mphamvu imene silinda iliyonse ipanikiza nayo mpweya. Manambala anaiwo ayenera kuyandikana, osasiyana koposa gawo limodzi mwa khumi. Silinda imodzi ikakhala yotsika, amathiramo oilo wodzaza kasupuni kamodzi ndi kupimanso. Nambala ikakwera, ndiye kuti maring'i a pisitoni atha. Ikapanda kukwera, vuto lili kumtunda, ku mavavu kapena ku gasiketi. Nchito imeneyi siitha ola limodzi, ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa mbuzi. Tsono inu atate, funso lanu loyamba likhale lakuti: kodi injini yapimidwa, nanga manambala ake anai ndi otani? Mwana akayamba kucita cibwibwi, dziwani kuti makanika anangomvetsera ndi khutu.

Manambala akakhala abwino, injiniyo siinafe, yangotopa ndi kusasamalidwa. Ifunika mapulagi oyenera, kutsuka kacipangizo kopima mpweya, kutsuka mainjekita ndi ledieta, ndiponso kubwezeramo thermostat imene amakanika athu ambiri amaitaya ponena kuti inapangidwira maiko ozizira. Cizolowezi cimeneci ndi coipa, cifukwa injini yosafika pa kutentha kwake imamwa petulo wambiri ndi kudya zitsulo zake. Pa 2ZZ palinso cinthu cina. Mphamvu yake yaikulu imabwera pamene injini yazungulira kupitirira ka 6,000 pa mphindi imodzi, pomwe mavavu amayamba kutseguka kwambiri. Zimenezi zimadalira oilo woyera ndi wokwanira, tisefa ting'ono-ting'ono ta oilo, ndi timabauti tiwiri timene tinali kuthyoka m'mainjini oyambirira kufikira a Toyota atatisintha kapangidwe. Kawiri-kawiri mnyamata wodandaula kuti galimoto yake yaleka kuuluka amafunika timabauti timeneti, tokwana m'dzanja limodzi.

Apa ndinenepo pang'ono kuti ka 6,000 kameneka sikafikika pa mseu wa Lumumba nthawi ya m'mawa, kapena m'makwalala a ku George kumene woyendetsa amazemba maenje ndi ana osewera. Mwa masiku onse injini imayenda pakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo pamenepo 2ZZ siisiyana kweni-kweni ndi injini wamba ya malita 1.8.

Ilipo nthawi imene kusintha injini sikungapeweke. Acikulire amene anayendetsapo Peugeot 504 kapena Land Rover akumbukira kuti injini zakale zinali kupalidwa m'kati kapena kuikidwa masilinda atsopano, ndi kuyambanso moyo. Makoma a masilinda a 2ZZ ndi a aluminiyamu wosakaniza ndi zinthu zina zolimbitsa, alibe citsulo cakuda m'kati, motero akakandika sapalidwa mwa njira ya masiku onse. Ikagogoda pansi kapena makoma akaonongeka, kugula ina ndiko kwanzeru.

Koma wogula akumbukire kuti injini zimene zimabwera m'makontena kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, kapena ku Durban ndi Chirundu, ndi salaula. Magalimoto a Toyota a ku Japan okhala ndi 2ZZ analeka kupangidwa mu 2006, kutanthauza kuti injini imene mwana wanu aicha yatsopano ndi nthanga imodzi ndi imene afuna kutaya. Ogulitsa amaitsuka mpaka kunyezimira, koma paja akulu anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Aipime asanalipire, atsegule civundikiro ca pamwamba aone ngati mulibe phala lakuda la oilo, ndipo masiku a citsimikizo alembedwe pa lisiti. Amene safuna za mpikisano angathe kuikamo 1ZZ, ya malita 1.8 yomwe, imene a Toyota eni ake anaiika m'magalimoto a mtundu wa Corolla a zaka zomwezo. Mphamvu yake ndi yoceperapo, koma imapezeka mosavuta. Ifunika kubwera ndi kompyuta yake ndi mawaya ake.

Pempho limene ndikukulangizani kukana, ngakhale mwana alire motani, ndi la kucotsa 1NZ yamoyo kuti aikemo 2ZZ. Injini siibwera yokha monga mkamwini. Giyabokosi ya 1NZ siilumikizika ku 2ZZ, kotero ifunika ina, pamodzi ndi mashafuti, zogwiriziza injini, kompyuta, mawaya onse ndi ekizozi. RunX Z inatuluka m'fakitale ndi mabuleki a disiki kumbuyo, pamene yaing'ono ili ndi a ng'oma. Kuonjezera akavalo 80 pa mabuleki akale ndiko kuitana maliro pa mapiri a Manenekela. Ng'ombe imodzi siikwanira, ndipo galimoto zambiri zoyambidwa nchito yotere zimathera pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ganiziraninso ulendo wobwera kumudzi, makilomita oposa 500 kufika ku Chipata. Zitsulo za 1NZ zili mu Vitz, IST, Probox ndi Corolla, motero galimoto ikafera ku Nyimba thandizo lili pafupi. Ca 2ZZ mudzacidikira pa basi yocokera ku Lusaka, ngati capezeka.

Cotsalira ndi mapepala. Nambala ya injini imalembedwa m'buku la galimoto limene ambiri amalicha white book. Injini ikasinthidwa, mwini wake ayenera kusunga lisiti ndi mapepala oonetsa kuti inalowa m'dziko mwalamulo, apolisi aione kuti si yobedwa, ndipo a Road Transport and Safety Agency alembe nambala yatsopano m'bukumo. A inshuwalansi naonso auzidwe, cifukwa pa tsiku la ngozi angathe kukana kulipira galimoto imene injini yake siigwirizana ndi zolembedwa. Ndalama za mapepala amenewa mwana aziwerengere pamodzi ndi mtengo wa injini ndi wa makanika, ndipo akutumizireni ciwerengero conse asanakuuzeni tsiku lopita ndi ng'ombe kwa ogula.