Amasai akudzatani ku Senga Bay?

Yendani pamsewu wochoka ku Salima kupita ku Senga Bay, muime pamisika ya ziboliboli, muone zithunzi zomwe akugulitsa. Dzuwa lofiira kuseri kwa mlambe, njovu, kenaka Amasai atatu ataliatali atagwira mikondo. Amasai kwawo ndi ku Kenya ndi ku Tanzania. Kuno akudzatani? Ine zimandinyansa, ndipo yankho lakuti "azungu amakonda zomwezi" ndatopa nalo.

Ku Japan, cha m'ma 1831, Hokusai anatulutsa zithunzi za phiri la Fuji. Chotchuka kwambiri ndi cha funde lalikulu la ku Kanagawa, chomwe kuyambira 2024 chili pa ndalama yawo ya 1000 yen. Chiyang'anitsitseni: pansi pa fundelo pali mabwato atatu onyamula nsomba. Hiroshige naye ankajambula apaulendo akuthawa mvula pamsewu wa Tokaido. Ena ankatenga ndakatulo zamakedzana ndi nkhani ya Genji n'kuziika pachithunzi. Sankajambulira alendo, poti masiku amenewo Japan sankalola alendo mwachisawawa. Ogula anali anthu wamba a mumzinda wa Edo. Mtengo unali wotsika chifukwa wojambula akajambula, wosema ankasema chithunzicho pathabwa, mtundu uliwonse thabwa lakelake, ndipo wodinda ankadinda mapepala mazanamazana.

Nanga ife nyanja yathuyi ilibe nyengo? Mu Juni ndi Julayi mwera ukakalipa, mabwato amagona pamchenga, asodzi n'kumasoka maukonde. Mwezi ukakhala kumdima, nyali za opha usipa zimandandalika pamadzi ngati tauni. Nkhungu zimafuka pakati pa nyanja ngati utsi wa lupsa. Ku chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu Makanjira, usodzi amautseka nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, n'kudzautsegula ndi mwambo cha mu Epulo. Ndani wajambula tsiku lotsegulalo? Mabuku nawo tili nawo. Nthondo wa Samuel Ntara anatuluka mu 1933, Sikusinja ndi Gwenembe wa Gwengwe ambiri tinawerenga, koma pakhoma la munthu sindinaonepo nkhope ya Nthondo.

Wojambula wa ku Senga Bay sindimunena kwambiri. Ali ndi ana ofuna kudya, ndipo amajambulira amene amatulutsa chikwama. Mlandu ndi wathu, ife ophunzira ndi apantchito, amene timapachika osewera a Manchester United ndi makalendala a mathithi a kunja, kwinaku tikudandaula pa Facebook kuti chikhalidwe chikutha. Chithunzi cha utoto, chojambulidwa chimodzichimodzi, n'chodula, ndikuvomera. Koma osema aluso adzaza pamsewu womwewo, ndipo ku Kungoni, ku Mua, akhala akuphunzitsa kusema kuyambira 1976. Munthu wotha kusema mpando wa mfumu angalephere kusema bwato ndi funde pathabwa? Adinde mapepala 200 a mwera, agulitse pamtengo wa chambo chimodzi, ndiye tione ngati Mmalawi angakanedi kugula.