Bwenzi la pa njala: Zomwe amigodi a ku Britain adaphunzira pa sitalaka

Mu July 2025, boma la Britain lidalengeza kuti lichititsa kafukufuku pa zomwe zidachitika ku Orgreave, kufupi ndi mzinda wa Sheffield, pa 18 June 1984. Patsikuli apolisi, ena atakwera akavalo, adathidzimulana ndi anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha omwe ankanyanyala ntchito.

Anthu 95 adawatsegulira milandu, koma milanduyo idathera m'malere mu 1985 zitaoneka kuti umboni wa apolisi udali wosadalirika. Mu 1991 apolisi a m'chigawocho adapereka chipepeso cha mapaundi 425 000 kwa amigodi 39.

Chilengezo cha kafukufukuyu chidakumbutsa anthu za sitalaka yomwe idatenga chaka chathunthu. Koma mkati mwa nkhani yaikuluyi muli ina yaing'ono yomwe idasintha kaganizidwe ka mabungwe a anthu apantchito. Iyi ndi nkhani ya mmene amigodi adagwirizanirana ndi amuna kapena akazi okondana okhaokha, anthu omwe poyamba ambiri mwa amigodiwo sakadafuna n'komwe kudyera nawo mbale imodzi.

Nkhaniyi ikuthandiza kuyankha funso lomwe ambiri amafunsa: kodi bungwe lomwe ntchito yake ndi kumenyera malipiro likufunanji pa nkhani ya anthu amenewa?

Njala italowa m'midzi

Sitalakayi idayamba mu March 1984 bungwe la boma loyendetsa migodi litanena kuti litseka migodi 20, zomwe zikadachotsetsa ntchito anthu 20 000. Nduna yaikulu panthawiyo idali Margaret Thatcher, pomwe bungwe la amigodi la National Union of Mineworkers (NUM) linkatsogozedwa ndi Arthur Scargill. Amigodi oposa 140 000 adaika zida pansi.

Boma lidakonzekera kale. Lidaunjika malasha m'malo opangira magetsi kuti dziko lisagwe mumdima, ndipo lidangodikira kuti njala igwire ntchito yake. Bungwe la NUM silinkapereka ndalama ya mlungu ndi mlungu kwa onyanyala, koma lamulo linkatenga ngati likupereka, motero boma linkadula mapaundi 15 pa mlungu pa thandizo lomwe banja la wonyanyala likadalandira. Pofika mu October 1984, khoti lidalamula kuti chuma cha NUM chilandidwe.

Apa zinthu zidafika pa mwana wakana phala. Aliyense wofuna kuthandiza sakadaperekanso ndalama kulikulu la bungweli. Njira yomwe idatsala idali yosankha dera limodzi la amigodi n'kumatumiza thandizo kumeneko mwachindunji. Amayi a m'midziyo ndiwo adasenza mtolo waukulu: ankasonkhanitsa chakudya, kuphika m'maholo ndi kugawa timatumba ta zakudya khomo ndi khomo.

Ndowa za mumzinda wa London

Mu June 1984, anyamata awiri, Mark Ashton ndi Mike Jackson, adanyamula ndowa n'kumapemphera amigodi ndalama pa ulendo wa pamsewu womwe amuna kapena akazi okondana okhaokha amachita chaka ndi chaka mumzinda wa London. Patangopita milungu yochepa adakhazikitsa gulu lotchedwa Lesbians and Gays Support the Miners (LGSM), lomwe linkakumana pa sitolo ya mabuku ya Gay's the Word.

Chidawakoka n'chiyani? Iwo ankaona kuti zomwe amigodi ankakumana nazo sizidali zachilendo kwa iwo: kumangidwa mwachisawawa, kunyozedwa m'nyuzipepala ndi kutchedwa adani a dziko. Ngakhale lamulo la 1967 lidasiya kulanga amuna awiri aakulu ogonana kuseri ku England ndi Wales, padalibe lamulo loletsa bwana kuchotsa munthu ntchito pa chifukwa chimenechi. Wogwira ntchito akadziwika, ankatha kuuzidwa kuti asabwerenso mawa.

Gululi lidasankha kuthandiza midzi ya m'zigwa za Neath, Dulais ndi Swansea kummwera kwa Wales. Awa adali madera a anthu opemphera, osunga mwambo, komwe mwamuna ankadziwika ndi ntchito ya pansi pa nthaka. Si onse adakondwa atamva za omwe akutumiza thandizolo, ndipo ena adadandaula kuti asekedwa ndi midzi yoyandikana nayo.

Komabe mu October 1984 mamembala a LGSM adapita okha ku Wales. Adalandiridwa pa holo ya amigodi ya ku Onllwyn ndipo adagona m'nyumba za mabanja a amigodiwo. Ubale udayambira pamenepo, pa tebulo la chakudya ndi pa bwalo la gule, osati pa msonkhano wa mfundo.

Pa 10 December 1984 gululi lidakonza phwando la nyimbo ku Electric Ballroom mumzinda wa London, komwe kudaimba gulu la Bronski Beat, ndipo lidapeza mapaundi oposa 5 000. Mmodzi mwa atsogoleri a amigodi a ku Dulais, Dai Donovan, adauza khamulo kuti poti iwo adavala baji ya amigodi, amigodinso adzavala yawo. Pomwe sitalaka inkatha, gulu la ku London lokha lidali litasonkhanitsa mapaundi pafupifupi 22 500, ndipo lidathandizanso kugula minibasi yomwe inkagawa chakudya m'midzimo.

Kupatsa n'kuika

Sitalakayi idalephera. Mu March 1985 amigodi adabwerera kuntchito opanda chomwe adaphula, ndipo migodi idayamba kutsekedwa umodziumodzi. Mgodi wakuya womaliza, wa Kellingley, udatsekedwa mu December 2015, ndipo malo omaliza opangira magetsi ndi malasha adazima mu September 2024.

Koma lonjezo la Donovan silidafe ndi sitalaka. Mu June 1985 amigodi a ku Wales ndi mabanja awo adakwera mabasi kupita ku London atanyamula mbendera za nthambi zawo, ndipo adayenda kutsogolo pa ulendo wa pamsewu uja.

Chachikulu chidachitika miyezi yochepa pambuyo pake pa msonkhano waukulu wa chipani cha Labour ku Bournemouth. M'chipanichi mabungwe a apantchito ankaponya mavoti molingana ndi kuchuluka kwa mamembala awo, choncho dzanja limodzi la mtsogoleri wa bungwe linkaimira anthu zikwizikwi. NUM idaika mavoti ake onse kumbali ya mfundo yoti chipanichi chizimenyera ufulu wa amuna kapena akazi okondana okhaokha, ndipo mfundoyo idadutsa. Chaka chomwecho mgwirizano wa mabungwe onse a apantchito m'dzikolo, Trades Union Congress, udavomereza mfundo yofanana nayo.

Izi sizikutanthauza kuti zinthu zidasintha tsiku limodzi. Mu 1988 boma la Thatcher lidakhazikitsa gawo la lamulo lotchedwa Section 28, loletsa makhonsolo kuchita chilichonse chooneka ngati kulimbikitsa maubwenzi otere. Lamuloli lidachotsedwa ku Scotland mu 2000 ndipo ku England ndi Wales mu 2003. Mu December 2003 momwemo ndi pomwe kudayamba kugwira ntchito lamulo loletsa mabwana kusala munthu pantchito pa chifukwachi, patatha zaka 18 chichitikireni msonkhano wa ku Bournemouth.

Ashton sadazione zimenezi. Adamwalira mu February 1987 ndi matenda a Edzi ali ndi zaka 26. Koma mmodzi mwa amayi omwe ankagawa chakudya m'zigwa zija, Sian James, adabwerera kusukulu ndipo adadzakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la Swansea East kuyambira 2005 mpaka 2015. Nkhani yonseyi adaijambula mufilimu ya Pride mu 2014.

Kodi ndi ntchito ya bungwe?

Pali ena, ngakhale mkati mwa mabungwe momwemo, omwe amati nkhaniyi ndi yosokoneza. Iwo amati membala amadulidwa ndalama mwezi ndi mwezi kuti bungwe limumenyere malipiro, tchuthi ndi penshoni, osati kuti lizilowerera pa nkhani zomwe chipembedzo chake chimakana. Amaopanso kuti bungwe likatero ligawikana, ndipo bungwe logawikana silingaopseze bwana aliyense.

Mantha amenewa si opanda pake, chifukwa mphamvu ya bungwe ndi kuchuluka kwa anthu ake. Koma zomwe zidachitika ku Wales zikuonetsa kuti amigodi sadapemphedwe kusiya tchalitchi kapena kusintha chikhulupiriro. Chomwe adavomereza chidali chimodzi: munthu aziweruzidwa pantchito ndi mmene akugwirira ntchitoyo, osati ndi za kunyumba kwake.

Mfundo imeneyi ndi yomwe imatetezanso mayi woyembekezera, munthu yemwe ali ndi kachilombo ka HIV, wachipembedzo china kapena wochokera chigawo china. Bwana akaloledwa kuchotsa munthu mmodzi pa chifukwa chosakhudza ntchito, khomo limatseguka kwa onse. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Palinso vuto la mphekesera. Komwe kungotchulidwa kuti ndiwe wotere n'kokwanira kukuchotsetsa ntchito, mphekeserayo imasanduka chida. Aliyense wofuna kuthana ndi mnzake wolimbirana naye udindo, kapena ndi mtsogoleri wa bungwe yemwe akuvutitsa pa nkhani ya malipiro, angathe kungoiyambitsa. Wovulala akhoza kukhala bambo wa ana asanu yemwe nkhaniyo sikumukhudza n'komwe.

Ku Joni ndi m'dziko muno

Nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri omwe ali ndi abale ogwira ntchito ku South Africa ndi ku Britain, chifukwa malamulo a m'maikowo amagwira aliyense wogwira ntchito kumeneko, mbadwa ndi mlendo yemwe. Wonyoza kapena kuzunza mnzake pantchito pa chifukwachi angathe kulangidwa, ngakhale kuchotsedwa kumene.

Ku South Africa, lamulo la za ubale wa pantchito la 1995, lomwe boma, mabwana ndi mabungwe a apantchito adakambirana pamodzi, limati kuchotsa munthu ntchito chifukwa chokondana ndi mwamuna kapena mkazi mnzake ndi kulakwa kosafunika kutsutsana. Malamulo aakulu a dzikolo adali oyamba padziko lonse kuletsa tsankho lotere potchula dzina lake.

Kumenekonso ubale udayambira pa mavuto. Simon Nkoli, yemwe ankalimbana ndi ulamuliro watsankho, adali mmodzi mwa anthu 22 oimbidwa mlandu woukira boma ku Delmas. Ali m'ndende adaulula kwa anzake kuti amakondana ndi amuna anzake. Ena adakwiya poyamba, koma pambuyo pake adamulandira monga mnzawo pankhondoyo. Khoti lidamumasula mu 1988.

Komabe lamulo la papepala silidathetse nkhanza. Mu April 2008 wosewera mpira wa timu ya dzikolo ya amayi, Eudy Simelane, adagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema. Lamulo limatha kuteteza ntchito ya munthu, koma mitima ya anthu a m'dera imasintha pang'onopang'ono.

M'dziko muno zinthu n'zosiyana. Lamulo limapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha. Mu July 2023 atsogoleri a zipembedzo adatsogolera zionetsero zokana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndipo pa 28 June 2024 khoti lomasulira malamulo aakulu a dziko lidakana pempho loti lamuloli lithetsedwe.

Koma lamulo la za ntchito la 2000 lili ndi mfundo zake. Limaletsa tsankho pantchito, ngakhale silitchula nkhani imeneyi mwachindunji. Limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zosowa za kampani, komanso asadapatsidwe mpata woyankhapo pa zomwe akumuneneza. Bwana si khoti, ndipo mphekesera si umboni.

Apa ndi pomwe mtsogoleri wa bungwe pa esiteti, pa sitolo kapena pa chipatala angadzakumane ndi funso lomwe amigodi a ku Wales adakumana nalo. Membala yemwe wakhala akupereka ndalama yake mwezi ndi mwezi akabwera ndi kalata yomuchotsa ntchito chifukwa cha zomwe anthu akunong'ona, kodi bungwe limuperekeza kukhoti la za ntchito kapena liyang'ana kumbali?

Amigodi a ku Dulais adayankha funsoli atagona ndi njala kwa miyezi yambiri. Migodi yawo idatsekedwa, koma yankho lawo lidakalowa m'malamulo a dziko lawo, ndipo lero likuteteza anthu omwe sadaonepo n'komwe mgodi wa malasha.